Kalata yotseguka kwa oyang'anira chithandizo cha matenda a m'maganizo: tiuzeni ngati ndi DBT yathunthu kapena mbali yake chabe

Olemekezeka akuluakulu oyang'anira chithandizo cha matenda a m'maganizo m'dziko muno, eni malo operekera uphungu, ndi inu aphunzitsi amene mumasula alangizi,

Landirani moni wanga waulemu. Ndikuthokozeni poyamba chifukwa cha ntchito imene mukugwira ndi antchito ochepa komanso ndalama zoperewera, pakati pa anthu amene ambiri a iwo amaonabe matenda a m'maganizo ngati chinthu chochititsa manyazi. Ndikulemba monga gadiyani, mmodzi wa iwo amene amaperekeza wodwala kuchipatala, kumulipirira thiransipoti ndi kugona khutu lili kuchitseko chake. Ndasankha kulemba poyera chifukwa nkhaniyi siikhudza banja lathu lokha, ndipo ndikufuna kuti magadiyani anzanga aimve pamodzi ndi inu.

Nkhani yake ndi ya chithandizo chokambirana chotchedwa dialectical behaviour therapy, chimene ambiri amangoti DBT. Dzinali ndakhala ndikuliona pa zotsatsa za opereka uphungu pa Facebook ndi pa WhatsApp, nthawi zina lili lokha, nthawi zina litaphatikizidwa ndi mawu ena n'kukhala DBT-informed, kutanthauza chithandizo chongotengera nzeru za DBT. Kwa katswiri, kusiyana kwa ziwirizi n'kodziwikiratu. Koma kwa mayi amene mwana wake wadzivulaza usiku wathawu, ndipo akufunafuna thandizo pafoni manja akunjenjemera, ziwirizi ndi chinthu chimodzi, ndipo adzalipira akukhulupirira kuti wagula chithandizo chimene chinayesedwa ndi kutsimikizidwa.

Chithandizochi anachiyambitsa ndi Marsha Linehan, katswiri wa zamaganizo wa pa University of Washington mumzinda wa Seattle ku America, pofuna kuthandiza anthu amene amayesa kudzipha kapena kudzivulaza mobwerezabwereza, makamaka amene madokotala amawapeza ndi borderline personality disorder, vuto limene limachititsa kuti mmene mtima ukumvera, khalidwe ndi ubale ndi anthu ena zisamakhazikike. Iye anaona kuti akamangolimbikira zoti wodwala asinthe, wodwalayo ankamva ngati akudzudzulidwa ndipo ankaleka kubwera. Akamangomumvetsa ndi kumutonthoza, palibe chimene chinkasintha. N'chifukwa chake anakonza njira yogwira zonse ziwiri nthawi imodzi, kuvomereza kuti ululu wa munthuyo ndi weniweni, kwinaku akumuphunzitsa kuchita zinthu mosiyana. Kafukufuku woyamba anatuluka mu 1991, ndipo anakhudza amayi 44 amene anagawidwa pawiri: amene analandira DBT kwa chaka anadzivulaza kochepa, anagona masiku ochepa m'chipatala, ndipo ambiri anapitiriza chithandizo mpaka kumapeto poyerekeza ndi anzawo amene analandira chithandizo cha masiku onse. Mabuku ofotokoza kaperekedwe kake anasindikizidwa mu 1993.

Chimene chinayesedwa m'kafukufukuyo chinali ndi mbali zinayi zoyendera limodzi. Wodwala amakumana ndi mlangizi wake payekha sabata iliyonse. Amapitanso kugulu lophunzira maluso sabata iliyonse kwa maola awiri ndi theka, ndipo gululo limayendetsedwa ndi alangizi awiri, monga kalasi yokhala ndi ntchito yokachitira kunyumba. Maphunziro onse amatha masabata 24, ndipo kawirikawiri amabwerezedwa kuti akwane chaka. Malusowo ndi a mitundu inayi: kuika maganizo pa zimene zikuchitika panthawiyo, kupirira nthawi yowawitsa popanda kuwonjezera mavuto, kuwongolera mmene mtima ukumvera, ndi kudziwa kupempha kapena kukana popanda kuwononga ubale. Mbali yachitatu ndi foni, yoti wodwala aziimbira mlangizi wake zinthu zikavuta pakati pa sabata. Yachinayi wodwala saiona n'komwe: alangizi okhaokha amakumana sabata iliyonse kuti athandizane nzeru, adzudzulane ndi kulimbikitsana. Ikasowa ngakhale imodzi mwa mbali zimenezi, chithandizocho sichitchedwanso DBT yathunthu, koma chithandizo chotengera nzeru za DBT. Pa chifuwa chachikulu cha TB tonse tikudziwa kuti wodwala amayamba ndi mankhwala amitundu inayi pa miyezi iwiri yoyambirira, ndipo palibe namwino amene angapereke mtundu umodzi n'kulemba m'buku kuti wodwalayo walandira mankhwala a TB.

Dandaulo langa loyamba n'lakuti mabanja sauzidwa kuti mwa mbali zinayizi alandira ziti. Mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka za m'ma 20, anali atagonekedwa kale m'chipatala chifukwa chodzivulaza pamene tinapeza malo ena olipira amene chotsatsa chawo chinali ndi dzina la DBT. Sinditchula malowo, chifukwa sindikufuna kuipitsa mbiri ya munthu amene anatilandira mwachifundo ndipo anachita zimene ankadziwa. Chimene tinalandira chinali kukumana ndi mlangizi mmodzi, nthawi zina patapita sabata, nthawi zina patapita mwezi malinga ndi mmene ndalama zapezekera, ndi mapepala a fotokope ofotokoza maluso m'Chingerezi. Gulu panalibe, ndipo gulu la alangizi othandizana panalibenso. Zimenezi sizinanenedwe pachiyambi, ndipo ife sitinafunse chifukwa sitinkadziwa kuti pali choti tifunse.

Kusiyana kwake kumaonekera bwino munthu akayang'ana zimene zimachitika mu ola limodzi lokumana ndi mlangizi. Mu DBT yathunthu wodwala amabwera ndi khadi limene wakhala akulemba tsiku ndi tsiku: chilakolako chodzivulaza chinafika pati, maganizo odzipha anabwera kapena ayi, analedzera kapena ayi, anagwiritsa ntchito luso liti. Mlangizi amayamba wawerenga khadilo asanafunse china chilichonse, ndipo zokambirana zili ndi dongosolo losasinthika. Choyamba ndi chilichonse choika moyo pachiswe, chachiwiri ndi zimene zikusokoneza chithandizocho, monga kujomba kapena kusalemba khadi, ndipo pambuyo pake m'pamene amafika pa za ntchito, sukulu ndi chibwenzi. Ngati khadi likuonetsa kuti wodwala anadzivulaza Lachitatu usiku, awiriwo amalondola tsikulo phazi ndi phazi: anagona bwanji dzulo lake, anadya kapena ayi, uthenga wa pafoni umene unamupweteka unafika nthawi yanji, anaganiza chiyani atauwerenga, thupi linamva bwanji, anali m'chipinda chiti, ndipo ndi pamalo pati pa mndandandawo pamene luso lina likanadula zinthu zisanafike poipa. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo odwala ambiri saikonda, koma ndi imene imasandutsa pepala la maluso kukhala chinthu chimene munthu angachigwiritse ntchito pakati pausiku. Kwa mtsikana wathu ola lija linkathera pa nkhani iliyonse imene wabwera nayo tsikulo, ndipo kudzivulaza kunkatchulidwa pokhapokha ngati iye mwini wayambitsa.

Dandaulo lachiwiri ndi la foni, ndipo ndi limene limandisowetsa tulo. Mavuto a odwala amenewa sadikira tsiku lokumana ndi mlangizi. Amabwera usiku, Loweruka, pamaliro, kapena mkangano wa pabanja ukangotha. Mu DBT yathunthu wodwala amaphunzitsidwa kuimba foni asanadzivulaze, ndipo kuyankhulanako kumakhala kwa mphindi zochepa, kongomuthandiza kusankha luso loti achite pomwepo, monga kuviika nkhope m'madzi ozizira kwa kanthawi kuti mtima uleke kuthamanga, kapena kuchoka m'chipindamo kupita pamene pali anthu. Palinso lamulo lakuti akadzivulaza kaye n'kuimba pambuyo pake, mlangizi amangoonetsetsa kuti walandira chithandizo cha kuchipatala ngati chikufunika, koma samulangizanso pafoni kwa maola 24, pofuna kuti kudzivulaza kusakhale njira yopezera chisamaliro. Zonsezi zimakambidwa ndi kugwirizanidwa chithandizo chisanayambe, kuphatikizapo maola amene mlangizi angayankhe ndi amene angaimbiridwe iye akakhala kuti palibe. Ife tinali ndi nambala ya pachotsatsa chabe. Usiku wina zinthu zitavuta mtsikanayo anaiimba, ndipo sinayankhidwe chifukwa inali ya ofesi. Sindikunena kuti mlangizi aliyense ayenera kugona foni ili pakhutu; munthu mmodzi sangathe zimenezo, ndipo n'chifukwa chake chithandizochi chinakonzedwa kuti chiziperekedwa ndi gulu. Ndikungonena kuti tikanauzidwa kuti mbali imeneyi palibe, tikanakonza tokha woti aziimbiridwa. Ndionjezepo kuti kuno kwathu nkhani ya foni ili ndi zake zimene mabuku a ku Seattle sanaziganizire: mayunitsi amatha, magetsi akazima foni imazima, ndipo atsikana ambiri amagwiritsa ntchito foni ya makolo kapena ya mwamuna amene mwina ndiye gwero la vutolo.

Dandaulo lachitatu ndi zimene zimatsala m'mutu mwa wodwala, ndi m'kabuku kake ka kuchipatala, chithandizo chosakwanirachi chikalephera. Mtsikana wathu anawerenga pa intaneti kuti DBT ndiyo imathandiza anthu ngati iye, ndipo ataona kuti sakusintha anaweruza yekha kuti ndiye kuti iye ndi wosachiritsika. Maganizo otere, mwa munthu amene amalimbana kale ndi maganizo odzipha, si nkhani yaing'ono. Chomvetsa chisoni n'chakuti imodzi mwa mfundo zimene alangizi a DBT amavomereza polowa m'gulu lawo ndi yakuti wodwala salephera chithandizo, koma chithandizo kapena ochipereka ndiwo angalephere. Komanso dokotala wina akadzaona zolembedwa kuti wodwala analandira DBT koma sizinathandize, adzaichotsa pa njira zoti ayesere, chonsecho munthuyo sanailandirepo.

Lachinayi ndi la maphunziro a alangizi, ndipo pano ndikulankhula mowamvera chisoni. Maphunziro odziwika okonzekeretsa anthu kupereka DBT yathunthu amakhala a masiku khumi, ogawidwa pawiri, ndi miyezi ingapo pakati pake yoti ophunzira akayambe ntchitoyo, ndipo anthu amapitako monga gulu lochokera pamalo amodzi. Ku America kuli bungwe la DBT-Linehan Board of Certification limene limayesa alangizi ndi malo operekera chithandizochi lisanawapatse chiphaso. Izi n'zosiyana kutali ndi wekishopu ya masiku awiri kapena kosi ya pa intaneti imene imatha ndi satifiketi yokongola. Maphunziro afupiafupiwo ali ndi phindu lake, koma mlangizi wachinyamata amene wawamaliza n'kupatsidwa wodwala amene wayesapo kudzipha kangapo, popanda anzake omuthandiza sabata ndi sabata, wasenzetsedwa katundu amene ngakhale woyambitsa chithandizochi anaona kuti munthu sangasenze yekha. Mlangizi wotero amatopa, amayamba kuchita mantha ndi wodwalayo, ndipo pamapeto pake amamutumiza kwina kapena kuyamba kumupewa.

Ndisamveke ngati ndikuti chithandizo chotengera nzeru za DBT n'chachabechabe, kapena kuti chiletsedwe. Umboni sukunena zimenezo. Mu 2015 Linehan ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa amayi 99 amene anagawidwa patatu: ena analandira DBT yathunthu, ena gulu la maluso pamodzi ndi wowayang'anira, ena kukumana ndi mlangizi payekha popanda gulu la maluso. Kuyesa kudzipha kunachepa m'magulu onse atatu, ndipo amene anaphunzira maluso anachepetsa kwambiri kudzivulaza kusiyana ndi amene sanawaphunzire. Kwa dziko ngati lathu, kumene akatswiri ndi ochepa ndipo ambiri amapezeka m'malo owerengeka monga Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, imeneyi ndi nkhani yolimbikitsa, chifukwa alangizi awiri angathe kuphunzitsa anthu angapo nthawi imodzi. Koma pali chimene otsatsa sachitchula: m'kafukufukuyo onse opereka chithandizo, m'magulu onse atatu, ankatsata ndondomeko imodzi yoyeza ndi kuchepetsa chiopsezo chodzipha, ndipo amene anali m'gulu la maluso anali ndi munthu wowatsatira payekhapayekha. Sanangopatsidwa mapepala n'kuuzidwa kuti tionana mwezi wamawa.

Ngati vuto ndi ndalama ndi nthawi, kafukufuku wina wa ku Canada amene anatuluka mu 2022, wokhudza anthu 240, anapeza kuti DBT yathunthu ya miyezi isanu ndi umodzi inathandiza mosachepera pa ya chaka chonse. Iwo anafupikitsa nthawi koma mbali zinayi zija anazisunga. Ku England, bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma, linalemba mu 2009 kuti amayi odwala borderline personality disorder amene chofunika msanga kwa iwo n'kuchepetsa kudzivulaza mobwerezabwereza aganiziridwe kulandira DBT yathunthu, ndipo linachenjeza za chithandizo chachifupi chosakwana miyezi itatu chikamaperekedwa pachokha kwa odwala amenewa. Ndiye kuti funso lalikulu n'lakuti munthu uyu akudwala motani. Wophunzira wa kukoleji amene amapsa mtima msanga kapena amapanikizika nthawi ya mayeso angapindule kokwanira ndi maluso okha. Amene wagonekedwa kangapo chifukwa chofuna kudzipha akufunika zambiri kuposa pamenepo, ndipo ngati zambirizo palibe, iye ndi abale ake ayenera kudziwa kuti palibe.

Anzathu a ku Zimbabwe anatisonyeza kuti n'zotheka kupeputsa chithandizo popanda kubwereka dzina. Friendship Bench, ntchito yopereka uphungu pabenchi imene anayambitsa dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda, inaphunzitsa anthu wamba ogwira ntchito zaumoyo kupereka uphungu wothandiza kuthetsa mavuto pamikumano isanu ndi umodzi, inautcha dzina lake, inauyesa m'zipatala za ku Harare, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2016. Aliyense wokhala pabenchipo amadziwa chimene akulandira.

Pa zifukwa zimenezi, ndikupempha mwaulemu zotsatirazi.

1. Dzina la DBT, likakhala lokha, lizigwiritsidwa ntchito ndi malo okhawo amene akupereka mbali zonse zinayi. Ena onse azilemba momveka, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'chinenero chimene anthu a m'deralo amalankhula, kuti amaphunzitsa maluso otengedwa ku DBT, ndipo mawuwo akhale m'zilembo zazikulu mofanana ndi dzinalo.

2. Wodwala ndi gadiyani wake asanalipire kalikonse, apatsidwe pepala limodzi loyankha mafunso awa: adzakumana ndi mlangizi kangati pamwezi, gulu la maluso lilipo kapena ayi ndipo litenga masabata angati, angaimbe foni kwa yani ndi maola ati, mlangiziyo ali ndi anzake amene amakumana nawo kukambirana za odwala kapena ayi, ndipo anaphunzira DBT kuti komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Mlangizi amene wafunsidwa mafunso amenewa asaone ngati wanyozedwa, ndipo ndikupempha aphunzitsi kuti muwakonzekeretse ophunzira anu kuwayankha mosabisa.

3. Aliyense amene wayesapo kudzipha kapena amadzivulaza mobwerezabwereza ayambe wayezedwa chiopsezo chake asanalowetsedwe m'gulu la maluso okha. Kumene kulibe thandizo la pafoni, pakhale ndondomeko yolembedwa ya zochita zinthu zikavuta, yokhala ndi zizindikiro zimene wodwalayo amaziona vuto likamayamba, maluso amene amamuthandiza, anthu awiri kapena atatu amene angawadzutse usiku, chipatala chapafupi chimene chimakhala chotsegula usiku, ndi mgwirizano ndi abale wa momwe angasungire kutali zinthu zimene angadzivulaze nazo. Ndondomekoyi ilembedwe papepala loti likhale m'thumba, chifukwa foni ikhoza kukhala yozima panthawi imene ikufunika.

4. M'kabuku ka kuchipatala ndi m'makalata otumizira wodwala kwina muzilembedwa chimene chinaperekedwadi, mwachitsanzo kuti anaphunzira maluso a DBT payekha kwa miyezi itatu popanda gulu.

5. Masatifiketi a maphunziro afupiafupi azinena chimene mwini wake angathe kuchita ndi chimene sangathe, ndipo masukulu ophunzitsa alangizi athandize amene anamaliza kale kupanga magulu othandizana. Alangizi a malo osiyanasiyana angathe kukumana pa intaneti ola limodzi pasabata. Mbali imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa zina zonse, ndipo sindikuona chifukwa choti izikhala yoyamba kutayidwa.

6. Mapepala a maluso ndi khadi lolemba tsiku ndi tsiku zikonzedwe m'zinenero zathu ndi anthu odziwa chithandizochi pamodzi ndi odwala eni ake, ndipo pakhale njira ya amene sadziwa kulemba, monga kuchonga zizindikiro. Zikakonzedwa ziyesedwe kuno, ndipo zotsatira zake, zabwino kapena zoipa, zilengezedwe.

7. Pomaliza, boma ndi mabungwe othandiza aganizire zokhazikitsa gulu ngakhale limodzi lopereka DBT yathunthu pachipatala chachikulu, loti alangizi ena azitumizako odwala amene moyo wawo uli pachiswe kwambiri ndi kufunsako nzeru, ndipo mndandanda wa malo amene akupereka mbali zonse zinayi uikidwe poyera kuti gadiyani aliyense athe kuuona asanatulutse ndalama.

Ndidzayamikira yankho lanu likaperekedwa poyera monga momwe kalatayi yalembedwera, makamaka pa pempho loyamba, lachiwiri ndi lachinayi, amene safuna ndalama zatsopano ndipo angathe kuyamba mwezi uno.

Ine wanu mwaulemu,

Gadiyani wa wodwala